Amene mwamunyamula, mumutule bwino

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu m'mawa uno ali pa Aroma 15:1, paja akuti ife amene tili olimba tiyenera kunyamula zofooka za opanda mphamvu, osadzikondweretsa tokha. Pempho langa ndi limodzi ndipo ndinene msanga: munthu amene mwamunyamula lero, mumutule bwino.

Amene muli ndi ana okonda masewera ogwetsana a WWE mukumudziwa Mark Henry, chimunthu chija ankachitcha kuti wamphamvu kuposa onse padziko. Dzinalo silinali longokometsera masewera ayi. Anabadwira m'tauni ya Silsbee ku Texas mu 1971, bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka 12, ndipo anakula akunyamula zitsulo. Anaimira dziko la America pa masewera a Olimpiki ku Barcelona mu 1992, nathera pa nambala 10. Mu 1995 anadzutsa pansi chitsulo cholemera makilogalamu 410, tinene kuti matumba asanu ndi atatu a chimanga kuphatikiza kotsala. Chaka chotsatira ku Atlanta anavulala msana mpikisano uli mkati, ndipo anathera pa nambala 14.

Tsono masewera onyamula zitsulo ali ndi mwambo wake. Ukakweza chitsulo pamwamba pa mutu, oweruza n'kupereka chizindikiro, umangochisiya n'kugwa phii! Palibe wokudzudzula. Chitsulo sichimva kuwawa. Koma mu 1996 momwemo Henry anasaina pangano la zaka khumi ndi kampani ya masewera ogwetsana ija, ndipo katundu wake anasintha. Kumeneko chimene umakweza m'mwamba ndi munthu mnzako, wa msana ndi khosi, amene mawa ayenera kudzukanso kukagwira ntchito. Oonera amaona ngati wamuswa, chonsecho luso lonse lili poti afike pansi ali wamtunthu. Luso limenelo silinabwere msanga kwa Henry. Mu 2000 anamutumiza ku Louisville, kumene ankaphunzitsako ongoyamba kumene, kuti akachepetse thupi ndi kuphunziranso. Mphamvu anali nazo ndithu, moti mu 2002 anapambana mpikisano woyamba wa Arnold Strongman Classic ku Columbus, atangotaya mayi ake. Koma lamba wamkulu wa World Heavyweight anadzamugwira mu 2011, atagonjetsa Randy Orton, patapita zaka 15.

Amayi akumudzi amazidziwa izi popanda Olimpiki. Mtsuko wa madzi sauponya. Wachoka nawo kuchitsime, khosi lauma, nkhata yaphwa, madzi akutsikira m'maso, koma ukafika pakhomo umagwada pang'onopang'ono, manja onse awiri, kapena umaitana mwana kuti adzakutule. Ulendo wonse uja ukhoza kuthera pakhonde pomwepo ngati watula ndi mkwiyo. Anthu amene Mulungu watisenzetsa ndi mitsuko, abale. Ndi dothi, monganso ife.

Sabata ino foni yanga sinapume. Uku fizi ya mwana wa malemu achemwali, uku mankhwala a amalume, uku mng'ono wanga amene geni yake yagwanso ndipo akufuna mpamba wina. Aliyense akuyamba ndi moni wautali, ndipo iwe ukudziwa kale kumene moniyo akulowera. Pofika Lachinayi khosi linali litauma. Ndalama zikhoza kupezeka, mwina pokongola kubanki m'khonde, koma mawu ofatsa otumizira limodzi ndi ndalamazo ndi amene amasowa. Amene muli oyamba kubadwa, amene muli kutauni kapena ku Joni ndipo mudzi wonse ukuyang'ana inu, mukundimva.

Ndiye tiyeni tiuzane zoona mwachikondi. Ambiri mwa ife kunyamula timatha. Fizi timalipira, maliro timayendetsa, odwala timawasunga m'nyumba zathu. Potula ndiye pali nkhani. Ndalama yapita pafoni, kumbuyo kwake kukubwera uthenga woti "kodi inu mudzasiya liti kupempha?" Mwana wamasiye wadya nsima yathu, ndiwo yake ndi kumukumbutsa kuti kuno si kwawo. Tamuthandiza mlongo mumpingo, Lamlungu gulu lonse la amayi likudziwa kuti anali ndi ngongole ya lendi. Mtsuko tafika nawo pakhomo, tauponya. Kenako tikudabwa kuti bwanji munthu amene tinamuthandiza chotere akutizemba pamsewu, n'kumati ndi wosayamika. Mwina ndi wosayamikadi. Mwinanso akutolera mapale.

Sindikunena kuti muzingovomera chilichonse. Pali masiku amene yankho ndi loti palibe, ndipo pali abale ena ofunika kuuzidwa kuti adzuke akagwire ntchito. Koma ngakhale "palibe" ali ndi katulidwe kake. Ukhoza kumukaniza munthu iye n'kuchoka ulemu wake uli wonse. Ukhozanso kumupatsa zonse anapempha, n'kuchoka atang'aluka.

Ndipo inu amene khosi lauma, itanani wokutulani. Mayi wanzeru sachita manyazi kukuwa ali pakhonde kuti wina atuluke. Uzani mkazi wanu kapena mwamuna wanu kuti mwatopa. Uzani abale enawo kuti mwezi uno agwireko mbali inayo. Ambiri timaswa anthu chifukwa tinafuna kuoneka olimba mpaka pakhomo, ndipo mkwiyo umene timatulira pa wofooka ndi kutopa kumene sitinauze munthu aliyense, ngakhale Mulungu.

Musanayankhe uthenga uja wagona mufoni mwanu chiyambire dzulo, yambani mwagwada.

Tipemphere. Atate, mukudziwa amene mwatisenzetsa, mayina awo ndi zosowa zawo. Tipatseni chowapatsa, ndipo pamene tilibe, tipatseni pakamwa posavulaza. Kumbukirani mng'ono wanga ndi onse amene geni zawo zagwa mwezi uno. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Muyende bwino kuntchito, kumsika ndi kumunda.