Uthenga wa pa gulu la amayi: kuiwalaiwala ndi mankhwala a BP

Eee, yayamba kujambula? Chabwino. Amayi anzanga, mwaswera bwanji nonse. Ndati ndiyankhule m'malo molemba, chifukwa Lachinayi lija ku Mvano nthawi inatithera, ndipo ndinaona pankhope kuti ena mwasokonezeka.

Kafukufuku ndinakuuzani uja, wa matenda oiwalaiwala, si wa kuno ayi. Ndi wa gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Pulofesa Gill Livingston wa ku University College London, ndipo zimene apeza amazitulutsa m'magazini ya madokotala ya The Lancet. Mu 2020 anatchula zinthu 12 zimene zimakankhira munthu ku matenda oiwalaiwala aja, a dementia. Mu 2024 anawonjezera ziwiri, zafika 14. Akuti mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 45 matendawa akanapewedwa kapena kuchedwetsedwa. Kuchedwetsedwa, mwamva? Inu achemwali a ku Chipoka munandifunsa ngati amachira. Ayi, mankhwala ochiritsa kulibe. Komanso munthu akhoza kusamala zonsezi n'kudwalabe, ndiye tisamaloze chala wodwala.

Anazigawa potengera msinkhu. Paubwana ndi sukulu. Mwana aphunzire afike patali, ubongo umakhala ngati wadzaza nkhokwe yodzatapamo paukalamba. Zimenezo mukuzidziwa. Ana aja amaswera kunyanja ku Senga Bay nthawi ya sukulu, abwezeni, basi.

Tsono zambiri zili pakati apa, pa msinkhu wathuwu, zaka 40, 50. BP, shuga, mafuta oipa m'magazi, kunenepa kwambiri, fodya, mowa, kungokhala osagwiritsa ntchito thupi, kuvutika maganizo, kuvulala m'mutu, ndi... ndaiwala chiyani... makutu. Makutu ndibwererako. Ndiyambe ndi BP, chifukwa apa ndi pamene ine ndinalakwa.

Mayi anga anawapeza ndi BP ali ndi zaka za m'ma 50. Anamwa mankhwala miyezi itatu, mutu unasiya, chizungulire chinatha, iwo n'kunena kuti, mwanawe, ndachira. Ine ndinavomera. Ineyo. Kapepala ka mapilitsi ndinachita kukachotsa ndekha pawindo n'kukaponya m'chikwama, n'kuiwala. Zaka zinadutsa. Kenako kunabwera kasitiroko kakang'ono, pakamwa kupotoka pang'ono, dzanja kulemera, n'kubwerera. Tinati aaa, zapita. Pambuyo pake ndi pamene anayamba kuthira mchere kawiri m'ndiwo. Tsiku lina ndinawapeza ataima pa chitsime, ndowa ili pamutu, njira yakwawo yawasokonekera, pomwe nyumba ikuoneka apo. Adokotala anandiuza kuti BP ikakhala yokwera zaka zambiri imawononga timitsempha ting'onoting'ono ta muubongo, mwakachetechete, munthu osamva kupweteka kulikonse.

Ndiye mverani. Mankhwala a BP sasiyidwa chifukwa mukupeza bwino. Mukupeza bwino chifukwa cha mankhwalawo. Ndibwereze? Sasiyidwa. Wosintha kapena kukusiyitsani ndi adokotala okha.

Kukayezetsa kwake, mukafika, kaya ndi ku chipatala cha boma ku Salima kuno, kaya ku Khombedza, kaya ku Lifuwu, musangopereka mkono mukupumira m'mwamba mutatsika panjinga. Khalani kaye pansi mphindi zisanu. Mapazi onse pansi, osapingasa miyendo, ndipo akamayeza osacheza. Manambala amatuluka awiri, yapamwamba ndi yapansi. Iyayi, dikirani, ndinene bwino. Yapamwamba ikafika 140, kapena yapansi 90, imeneyo yakwera. Akatswiri aja amati kuyambira zaka 40 yapamwamba izikhala 130 kapena kutsikirapo. Ndiye 140 ndi yochenjeza, 130 ndi kumene tikufuna. Muwapemphe akulembereni m'buku la kuchipatala, ndi deti lomwe. Mukapeza mankhwala atha, musangobwerako chimanjamanja n'kukhala, akulembereni dzina lake mukagule ku famase. Muli pomwepo, ayezenso shuga. Mchere muchepetse.

Mlamu wanga wina, sindimutchula, amayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Kamuzu Road. Helemeti ali nayo, koma amaipachika pa handulo, akuti imatentha. Wagwa kawiri. Kachiwiriko anakomoka, anadzuka osadziwa kuti ndi tsiku lanji. Ndamuuza, mkazi wake wamuuza, iye kuseka. Kuvulala m'mutu kulinso pa mndandanda uja. Inunso mukakwera kumbuyo, funsani helemeti.

Eya, makutu. Limeneli ndi limodzi mwa aakulu pa onse 14, ine ndinadabwa. Munthu akasiya kumva bwino amasiyanso kucheza, pagulu amangokhala duu, ubongo n'kusowa chochita. Khutu likamatuluka mafinya, la mwana kaya lanu, pitani kuchipatala, osathiramo madzi a masamba, osatokosa ndi nthenga kapena kamtengo ka machesi. Amene mumagwira pa chigayo tsiku lonse, tsekani makutu. Agogo akamati "ati?" kawirikawiri, akayezedwe.

Kuukalamba kuli zitatu: maso, utsi ndi kusungulumwa. Ng'ala amachotsa ndi opaleshoni, munthu n'kuonanso, musamati ndi ukalamba basi. Utsi, akatswiriwo amanena za mpweya woipa, ndipo ine ndikaona makhitchini athu opanda windo, nkhuni zaziwisi, ndi anzathu owamba nsomba, mtima umandiwawa. Phikirani pamalo popita mphepo. Agogo asamagone m'khitchini moto ukufuka.

Kusungulumwako... mayi anga atayamba kusochera, anthu ena m'mudzi anayamba kunong'ona. Mukudziwa mawu ake. Gogo wapezeka pakhomo pa eni m'mbandakucha, ndiye kuti ndi mfiti. Anzawo anasiya kubwera. Amakhala pa mkeka okha, kusenda mtedza umene asenda kale. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, lamulo lake ndi la 1911 ndipo likugwirabe ntchito. Mukaona gogo wasochera, mugwireni dzanja, muyankhuleni mofatsa, mum'perekeze kwawo, kenako muuze abale ake apite naye kuchipatala.

Ndatalikitsa, foni ikuti batire latsala pang'ono. Lachinayi likubwerali aliyense abwere ndi buku lake la kuchipatala, tione kuti BP munayezetsa liti. Amene mulibe buku, mundiuze lero lomwe. Ndipo amayi a ku Lifuwu, munati amuna anu anasiya mankhwala mwezi watha, chonde mundiimbire madzulo ano.