Makalata a Omvera: Ndinalapa, Koma Mtima Sukukhazikika

Moni nonse omvera, kulikonse kumene muli. Nthawi ya makalata anu yakwananso. Sabata ino abwera ambiri, ena pa WhatsApp, ena olembedwa pamanja, ndipo monga mwa nthawi zonse maina sinditchula. Ndiyamba ndi iyi, ndipo ndikhalitsapo ndithu.

"Abusa, ndine bambo wapabanja. Zaka zapitazo ndinkagwira ntchito yosunga ndalama pa kampani ina. Ndinkatapako pang'onopang'ono. Mabwana atazindikira kuti ndalama zikusowa anaganizira mnzanga wina, n'kumuchotsa ntchito. Ine ndinangokhala chete. Panopa ndinalandira Yesu, ndinabatizidwa, ndimaimba kwaya. Ndinalapa pamaso pa Mulungu, koma ndikagwada kuti ndipemphere, nkhope ya munthu uja imandibwerera. Anzanga akuti ndi Satana akundikumbutsa zakale, ndizimudzudzula, poti Malemba akuti zakale zapita. Kodi akunena zoona?"

Bambo, zikomo polemba mosabisa. Inenso ndikuyankhani mosapsatira mawu.

Za chikhululukiro musakayike. Pa 1 Yohane 1:9 tikulonjezedwa kuti tikavomereza machimo athu, Mulungu ndi wokhulupirika ndi wolungama kuti atikhululukire. Ndipo 1 Petro 1:18-19 akunenetsa kuti sitinaomboledwe ndi siliva kapena golide, koma ndi mwazi wa Khristu. Choncho ngakhale mutabweza ndalamazo kakhumi, simungagule nazo chipulumutso. Dipo linaperekedwa kale, ndipo wopereka sanali inu.

Koma anzanuwo akukusocheretsani. Mawu a pa 2 Akorinto 5:17 ndi oona, zakale zapita. Zapita kwa inu. Nanga kwa munthu amene anachotsedwa ntchito uja? Mwina mpaka lero akafuna ntchito kwina, mbiri yoti ndi wakuba imamutsogolera. Mwina ana ake anakula akumva kuti bambo awo ali ndi manja aatali. Kwa iye nkhaniyi ikadali yalero.

Pali njira yosiyanitsira mawu a woneneza ndi mawu a Mzimu Woyera. Woneneza amakuuzani kuti ndinu wachabechabe, Mulungu anatopa nanu, palibe chimene mungachite. Satchula chinthu chimodzi choti mukonze, amangokufooketsani. Mzimu Woyera amaloza chinthu chenicheni, munthu weniweni, n'kukusonyezani kopita. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 akusiyanitsa chisoni cha kwa Mulungu, chimene chimabala kulapa, ndi chisoni cha dziko, chimene chimabala imfa. Inu mukuona nkhope ya munthu mmodzi, ndipo mukudziwa chimene munamuchita. Ine sindingadzudzule zimenezo m'dzina la Yesu.

Taonani mmene Malemba amachitira ndi nkhani ngati yanuyi. Pa Levitiko 6:1-7, munthu amene wanyenga mnzake pa chuma ankayenera kubweza chonse, kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo asanu, komanso kubweretsa nkhosa yamphongo ya nsembe yopalamula. Nsembe ndi kubweza zinkayendera limodzi. Pa Numeri 5:8 lamulo likufika mpaka poti ngati wolakwiridwayo kulibenso ndipo alibe m'bale, chobwezacho chipite kwa Yehova kudzera mwa wansembe. Panalibe pothawira. Ndipo Zakeyu, pa Luka 19, sanabweze kanayi kuti Yesu alowe m'nyumba mwake. Yesu anali atalowa kale, kubweza kunabwera pambuyo ngati chipatso.

Ndiye muchite chiyani? Musapite nokha, komanso musathamange. Yambani ndi kuwauza mayi a kunyumba, chifukwa zotsatira zake zidzawakhudza. Kenako khalani pansi ndi abusa anu kapena mkulu wa mpingo wodziwa kusunga chinsinsi. Popeza nkhaniyi ikhoza kufika ku khoti, funsaninso loya kuti mudziwe chimene chingakuchitikireni. Mukatero, woyamba kumufunafuna akhale mnzanu uja, ndipo chachikulu chimene mum'bwezere ndi dzina lake. Mwina adzakukhululukirani, mwina adzakutukwanani. Musakamuuze kuti "poti ndinu Mkhristu muyenera kundikhululukira". Ufulu umenewo mulibe.

Sindikulonjezani kuti zidzatha bwino. Mneneri Natani anauza Davide kuti Yehova wachotsa tchimo lake, komabe pa 2 Samueli 12 pomwepo anamuuzanso kuti lupanga silidzachoka panyumba yake. Wokhululukidwa amathabe kukolola zina mwa zimene anafesa. Chimene ndinganene n'chakuti mudzagwada popanda chobisa.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata. Akuti: "Abusa, ndinasiya mowa nditabadwanso mwatsopano, ndipo ndinachitira umboni mumpingo. Mwezi watha ndinagwanso. Manyazi andigwira moti ku tchalitchi ndasiya kupita. Kodi ndinatembenuka mtimadi, kapena ndinkadzinamiza? Ndibatizidwenso?"

Achimwene, munthu amene sanatembenuke mtima salemba kalata yotere. Akanangopitiriza kumwa osadandaula.

Za ubatizo, mipingo yambiri imabatiza kamodzi, potsatira Aefeso 4:5, ndipo mukawafunse abusa anu mmene mpingo wanu umachitira. Koma ine ndikuona kuti chikukuvutani si madzi. Mukuganiza kuti kubadwanso kumatanthauza kuti chilakolako chinafa tsiku lomwelo. Ena zimawachitikiradi choncho, ndipo ndi amene timakonda kuwapatsa maikolofoni kuti achitire umboni. Ambiri aife kusintha kumabwera mwapang'onopang'ono, ndi kugwa ndi kudzuka.

Petro anayenda ndi Yesu, anaona zozizwitsa, analumbira kuti ngakhale ena onse athawe iye sadzathawa. Usiku womwewo anamukana katatu akuwotha moto wamakala pabwalo la mkulu wa ansembe. Pa Yohane 21 Yesu woukitsidwa akukumana naye m'mbali mwa nyanja, pamoto winanso wamakala, n'kumufunsa katatu ngati amamukonda. Sanamuike pa chilango cha miyezi. Anamupatsa ntchito yoweta nkhosa.

Ndikupatseninso chitsanzo china chimene chimandiwawa ndikachiganizira. John Newton wa ku England anafuulira kwa Mulungu pa namondwe wa panyanja m'chaka cha 1748, ndipo moyo wake wonse ankatenga tsikulo ngati chiyambi cha kutembenuka kwake. Komatu anapitiriza malonda a akapolo, mpaka kukhala kapitawo wa sitima zonyamula anthu a ku Africa, kufikira 1754. Anadzozedwa ubusa mu 1764, koma kabuku kake kovomereza poyera kuipa kwa malondawo kanatuluka mu 1788, patapita zaka 40 chichitikireni namondwe uja. Sindikumuikira kumbuyo. Anthu ambiri anavutika iye akuchedwa kuona. Ndikungosonyeza kuti Mulungu amayamba ntchito mwa munthu amene maso ake sanatsegukebe mokwanira, ndipo saisiya panjira.

Lamulungu likubwerali mupite ku tchalitchi, ngakhale mukakhale kumbuyo kwenikweni. Pezani munthu mmodzi wamkulu m'chikhulupiriro woti muzimuimbira foni chilakolako chikayamba, musanamwe, osati mutamwa. Onaninso kuti munagwa tsiku lanji, muli ndi ndani, mutakhumudwa ndi chiyani, chifukwa nthawi zambiri njira yake imakhala yomweyomweyo. Ndipo ngati mukasiya mowa thupi limanjenjemera, mukutuluka thukuta kapena kuona zinthu zosakhalapo, pitani kuchipatala msanga. Kusiya mwadzidzidzi kwa munthu amene thupi linazolowera kukhoza kuika moyo pachiswe, ndipo kuonana ndi dokotala si kuchepa chikhulupiriro.

Yomaliza lero ndi yaifupi, yochokera kwa mayi wina: "Abusa, sindinachite tchimo lalikulu, koma mtima wanga wauma. Ndakhala ndikudwazika mayi anga nthawi yaitali. Ndikapemphera sindimva kanthu, Baibulo ndikangotsegula tulo. Kodi Mzimu anandichokera?"

Mayi, inu mwatopa. Werengani 1 Mafumu 19. Eliya atangochoka pa chigonjetso cha pa phiri la Karimeli, anathawa Yezebeli, nakagona pansi pa kamtengo m'chipululu, n'kupempha kuti afe. Mngelo sanabwere ndi ulaliki. Anamudzutsa kuti adye ndi kumwa, Eliya anagonanso, mngelo n'kumudzutsanso kachiwiri kuti adye. Kulankhula naye kunabwera pambuyo, ku Horebu, ndipo kumeneko Mulungu anamuuza kuti sali yekha, alipo anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, n'kumupatsa Elisa woti amuthandize.

Pemphani abale ndi amayi a mumpingo kuti akulandireniko, ngakhale tsiku limodzi pa sabata, mugone mokwanira. Pemphero likhale lalifupi, salimo limodzi likwanira. Salimo 42 linalembedwa ndi munthu waludzu ngati inu. Aroma 8:26 akuti pamene sitidziwa chopempha, Mzimu mwini amatipempherera. Ndipo manja amene akusambitsa mayi anu odwalawo akutumikira Mulungu, kaya mtima ukumva kanthu kaya sukumva.

Nthawi yatithera, omvera. Ndatsala ndi kalata ya mayi amene amuna awo anachoka kalekale, tsopano abwerera akuti anatembenuka mtima, ndipo mpingo ukuwakakamiza kuti awalandire. Imeneyo siyofunika kuiyankha mothamanga, tidzayamba nayo sabata yamawa. Tsalani bwino.