Rauta yasokonekera itangolandira update: uthenga kwa achemwali

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu woti rauta, kabokosi kaja kotulutsa Wi-Fi, yasokonekera itangolandira update ndaumva, ndiye ndati ndingokujambulirani mawu, chifukwa kulemba zonsezi kungatenge tsiku. Mumvetsere muli pafupi ndi rautayo. Ndikatchula chochita muziimitsa kaye, muchite, kenako mupitirize kumvera.

Ndiyambe ndi pempho. Auzeni alamu asadine kabatani ka Reset kali kumbuyoko. Mwati atenga kale pini kuti atokosere m'kabowo kaja, chonde aikeko kaye pansi. Kabatani kameneko tikafikako kumapeto, zina zonse zikakanika. Akakadina panopa rauta iiwala zonse zimene tinaikamo tsiku lija, dzina la Wi-Fi, pasiwedi, zonse, ndipo mwina vuto lake ndi laling'ono loti tikonza mu mphindi 5.

Mwafunsa kuti firmware n'chiyani. Ndi pulogalamu imene imakhala m'kati mwa rautamo, imene imaiuza zochita. Foni yanu ili ndi Android, nayonso rauta ili ndi yake. Opanga rauta amatulutsa yatsopano pofuna kutseka mipata imene akuba a pa intaneti angalowerepo, ndiye musadziimbe mlandu kuti munavomera update ija. Munachita bwino. Kungoti yatsopano ikalowa, nthawi zina imasintha zinthu zina, kapena imazibwezera mmene zinalili pogula.

Tsopano yang'anani tinyali takutsogoloto. Ngati update mwaipanga posachedwapa ndipo kanyali ka Power kakuthwanimabe, musakhudze chilichonse, musazule ku soketi. Ipatseni mphindi 10, ngakhale 15. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achemwali. Ndikunena motsindika chifukwa zinandionekera ine. Chaka china nthawi ya mvula ndinayamba update pa rauta ya kwathu kuno, kamzere kaja kali pakati, magetsi thi! Atabwera, rauta inangoyatsa kanyali kamodzi, osachitanso china chilichonse. Pulogalamu yakale inali itafufutika, yatsopano isanamalize kulowa. Ndinagula ina, ndipo zinandiwawa. Kuchokera pamenepo sindipanga update kunja kukuchita mabingu, ndipo ndimayamba ndalumikiza rauta ku batire.

Koma poti mwati zinachitika dzulo madzulo, ndiye kuti inamaliza kalekale. Izuleni ku soketi, muwerenge mpaka 30, muibwezere. Kenako dikirani mphindi 3 kuti idzuke bwinobwino, musayese foni isanakhazikike. Mavuto ambiri amathera pomwepa.

Zikapanda kutha, tifufuze pamene paduka. Intaneti imayenda maulendo awiri isanafike m'manja mwanu. Ulendo woyamba ndi wochokera pa nsanja ya netiweki kufika pa rauta, kudzera mu SIM kadi ili m'katimo. Wachiwiri ndi wochokera pa rauta kufika pa foni, umenewo ndiye Wi-Fi. Anthu amangoti intaneti yafa, osadziwa kuti ndi ulendo uti waduka, n'kumakonza kolakwika. Ndiye tengani foni, pitani pa Settings, pa Wi-Fi, muone. Kodi dzina la Wi-Fi yathu likuoneka? Likaoneka, kodi foni ikulumikizika? Ikalumikizika, kodi pansi pake yalemba kuti No internet?

Tiyambe ndi loti dzinalo silikuoneka n'komwe. Tembenuzani rautayo chagada. Pansi pake pali sitika yokhala ndi tizilembo ting'onoting'ono, muvale magalasi. Pezani pamene palembedwa SSID kapena Wi-Fi Name, limenelo ndi dzina limene inabwera nalo kuchokera ku fakitale. Likakhala kuti likuoneka pa foni, ndiye kuti update yafufuta dzina lathu lija. Lowani ndi pasiwedi ya pa sitika pomwepo, yolembedwa kuti Wi-Fi Key kapena Password. Musamale zilembo zazikulu ndi zazing'ono, komanso 0 ndi chilembo O zimafanana kwambiri pa masitika amenewa.

Dzina likamaoneka koma foni ikungozungulira, kapena ikuti pasiwedi ndi yolakwika pamene simunasinthe, dinani pa dzinalo musankhe Forget. Foni imasunga mmene rauta inalili kale, ndiye ikapeza zasintha imakakamira zakalezo. Mukaiiwalitsa, lowaninso ngati mlendo, mulembe pasiwedi mwatsopano.

Apa pali chimene ndikuchikayikira kwambiri, chifukwa mwanena kuti foni ya mwana wanu wamkuluyo inalumikizika, koma TV ndi foni ya amayi zikukana. Zimenezi zimachitika kawirikawiri. Wi-Fi ili ndi loko wake. Amene takhala tikugwiritsa ntchito zaka zambiri amatchedwa WPA2, ndipo mu 2018 kunabwera wina watsopano, WPA3. Update ina imasamutsira rauta ku loko watsopanoyu, koma foni zakale ndi ma TV ambiri sizimudziwa, ndiye zimangoima pakhomo. Chinanso, rauta zambiri zimatulutsa Wi-Fi pawiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz. Ya 5 imathamanga koma siipita patali, khoma la njerwa limaifooketsa msanga. Ya 2.4 ndi yochedwerapo koma imafika mpaka kuchipinda kwa amayi. Zipangizo zina zakale zimangodziwa ya 2.4 yokha, ndiye update ikaithimitsa, kapena ikaphatikiza ziwirizi pa dzina limodzi, zimasokonezeka.

Kuti tikonze zimenezi tiyenera kulowa m'kati mwa rauta. Musaope, si zovuta. Gwiritsani foni imene ikulumikizikayo, koma muyambe mwathimitsa data ya pa foni. Ichi musaiwale, chifukwa foni ikaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti imathawira ku data mwakachetechete, ndiye tsamba la rauta silitseguka, inu n'kumaganiza kuti rauta yafa. Kukanakhala laputopu ndi chingwe chija chokhala ndi mitu ya pulasitiki yoonekera, chikanakhala bwino koposa, chifukwa chingwe sichidalira Wi-Fi.

Tsegulani Chrome, ndipo pamwamba polemba adiresi mulembe manambala amene ali pa sitika ija. Kawirikawiri amakhala 192.168.0.1, kapena 192.168.1.1, ndipo rauta zambiri za SIM kadi zimagwiritsa 192.168.8.1. Pakati pa manambala pali madontho, osasiya mpata. Ifunsa pasiwedi. Imeneyi si ya Wi-Fi ayi, ndi ya mwini rauta, ija ndinakulemberani kuseri kwa buku la nyimbo. Ikaikana yesani ya pa sitika, nthawi zambiri amangoti admin. Musayese kambirimbiri motsatizana, rauta zina zimakutsekerani kunja kwa kanthawi. Tsamba likatseguka koma likuoneka losokonekera, mabatani osadinika, ndi Chrome amene wasunga tsamba lakale. Tsegulani Incognito, zenera la Chrome losagwiritsa zimene anasunga kale, mulembenso manambala aja.

Mukalowa pitani pa Wi-Fi Settings, ena amalemba Wireless kapena WLAN. Pa Security, mukapeza WPA3 sinthani muike WPA2. Pakakhala yophatikiza, WPA2/WPA3, ndipo TV ikukanabe, ikani WPA2 yokha. Musasankhe Open kapena None ngakhale zitavuta bwanji, mukatero Wi-Fi ikhala yopanda loko, ndipo bandulo yanu aimaliza ndi anthu odutsa pamsewu. Onaninso kuti 2.4 GHz ndi yoyatsa. Mukaona mawu akuti Smart Connect kapena 5 GHz preferred, thimitsani, kuti mayina akhale awiri. Dzina ndi pasiwedi mubwezere zomwe zija ndendende, mukatero zipangizo zambiri zilumikizika zokha. Mukadina Save foni idzaduka kwa kanthawi, musadabwe, rauta ikudzikonza.

Pepani, uthenga unaduka, kunabwera munthu pakhomo. Ndipitirize.

Tsopano tinene kuti foni zonse zalumikizika koma intaneti palibe, kanyali ka netiweki n'kofiira kapena kathima. Apa ndiye kuti waduka ndi ulendo woyamba uja. Musanafufuze zakuya, onani bandulo. Ndikudziwa mukuti munagula sabata yatha, komabe onani, chifukwa nayo update imadya data, ndipo ana akakhala pa YouTube bandulo siichedwa. Njira yachidule ndi iyi: thimitsani rauta, tulutsani SIM kadi, muiike mu foni. Intaneti ikakana ndi mu foni momwe, rauta ilibe mlandu, vuto ndi bandulo kapena netiweki ya dera lanulo. Ikagwira, ibwezereni mu rauta, idakali yothima, kachitsulo kagolide kayang'ane mmene chithunzi cha pambali pa kabowo chikusonyezera, mpaka imveke kuti yakhala.

Ikakhala kuti SIM ili bwino, lowaninso pa tsamba lija. Mwina lilemba kuti PIN required. Ndiye kuti rauta yaiwala PIN ya SIM imene inkasunga. Lembani ngati mukuidziwa motsimikiza. Musaganizire, chifukwa mukalakwitsa katatu SIM imatsekeka n'kuyamba kufuna PUK, nambala yotsegulira SIM yotsekeka, ndipo imeneyo ndi ntchito inanso.

Kenako pezani pamene palembedwa APN, nthawi zambiri pansi pa Mobile Network, Dial-up kapena Profile Management. APN ili ngati dzina la chipata chimene rauta imagogoda ku kampani ya netiweki. Update ikaifufuta kapena kuikapo ya dziko lina, timizere ta netiweki timatha kuoneka todzaza koma osatsegula kanthu. Yolondola muipeza mosavuta: SIM ija ili mu foni, pitani pa Settings, Mobile network, Access Point Names, mukopere zimene zalembedwapo. Kapena imbani ku kampani ya SIM yanu akuuzeni. Pafupi pomwepo pali Mobile data, ionetsetseni kuti ndi yoyatsa, ndipo Network mode ikhale pa Auto.

Mwati mutumiza uthengawu kwa anzanu a kuntchito amene ali ndi intaneti ya chingwe cha fibre. Iwowo za SIM ndi APN sizikuwakhudza. Aone kuti chingwe chili pa kabowo kolembedwa WAN, ndipo ngati kampani yawo inawapatsa dzina ndi pasiwedi za PPPoE, azilembenso pa Internet Settings, poti n'zimene zimafufutika.

Pali kavuto kena kodabwitsa: WhatsApp ikuyenda, koma masamba ena sakutseguka. Kawirikawiri ameneyo ndi DNS, amene ntchito yake ndi kusandutsa dzina la tsamba kukhala nambala. Pa DNS sankhani Manual, poyamba mulembe 8.8.8.8, ya Google imeneyo, pachiwiri 1.1.1.1, ya Cloudflare. Intaneti ikamangochedwa kapena kudukaduka, makamaka poti nyumba zanuzo n'zoyandikana ndipo aliyense ali ndi rauta yake, pa 2.4 GHz sinthani Channel muyese 1, 6 kapena 11, imodziimodzi. Muzisintha chinthu chimodzi, muyese, kenako china. Mukasintha zinayi nthawi imodzi sitidziwa chimene chathandiza, kapena chimene chaonongeratu.

Zonsezi zikakanika, apo ndiye alamu atenge pini yawo ija. Koma muyambe mwajambula ndi foni masamba onse a m'kati, makamaka la APN ndi la Wi-Fi. Rauta ikhale yoyaka. Adine kabataniko osasiya kwa masekondi 10, mpaka tinyali tithime n'kuyakanso, kenako asiye, adikire mphindi 3. Idzadzuka ngati yongogula kumene, ndi dzina ndi pasiwedi za pa sitika. Reset siibweza firmware yakale, imangochotsa zimene tinaikamo, ndipo nthawi zambiri zotsalira zakalezo n'zimene zimalimbana ndi pulogalamu yatsopano. N'chifukwa chake ndikuti mulembe zonse pamanja, musabwezeretse fayilo ya backup yakale, ingabweretsenso vuto lomwelo. Ndipo musinthe pasiwedi ya mwini rauta, isatsale pa admin.

Ikakhala kuti ngakhale Reset siikumveka, kanyali kamodzi kokha kali phee, kapena ikungozima n'kuyaka yokha, yesani adaputa ina ya mphamvu yofanana, manambala ake ali pa sitika, zambiri zimakhala 12V. Ikakanabe musaitsegule ndi sikuludiraiva. Ipititseni kumene munagula, risiti m'manja. Ndipo chonde, wina asakutumizireni fayilo ya firmware pa WhatsApp kuti muikemo. Rauta ziwiri zimatha kufanana dzina ndi maonekedwe, koma ina ndi V1 ina V2, m'kati n'zosiyana, ndipo fayilo yolakwika ikhoza kupheratu rauta. Yoyenera imachokera pa tsamba la opanga rautayo, kapena ku kampani imene inakugulitsani pamodzi ndi SIM.

Panopa chitani izi: zulani, werengani mpaka 30, bwezerani, kenako mundijambulire tinyali tija ndi sitika ya pansi, koma pasiwedi muiphimbe ndi chala. Mundiuzenso zimene TV ikulemba ikamakana. Ndili pa foni mpaka 9 koloko usiku uno, ndipo zikavutabe ndibwera Loweruka m'mawa ndi laputopu ndi chingwe. Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti foni yawo siinaonongeke.