Zaka zimene mayi akuyandikira kusiya kusamba

Zikomo a mfumu potipatsa bwalo lino, zikomonso amayi ndi abambo amene mwasiya ntchito zanu kuti mudzamve nkhaniyi. Chandibweretsa ndi zimene zinachitikira mayi wina wa m'dera lathu lino, yemwe dzina lake sinditchula. Mayiyu anasiya kusamba zaka 3 zapitazo, kenako anayambanso kuona magazi. Iye ankati msambo wabwerera, achibale ena ankati walodzedwa, ndipo miyezi yambiri inathera kwa asing'anga. Pamene ankafika kuchipatala n'kuti khansa ya khomo la chiberekero itakula kale. Choncho mawu amene ndikufuna kuti mupite nawo kwanu ndi awa: mayi akatha chaka chathunthu osasamba, kenako n'kuona magazi, ngakhale kadontho kamodzi, apite kuchipatala sabata yomweyo.

Kuti timvane bwino, tiyambe ndi zimene zimachitika m'thupi. M'mbali mwa chiberekero muli timatumba tiwiri tosunga mazira, ndipo timatumba tomweti ndi timene timapanga mahomoni awiri otchedwa estrogen ndi progesterone. Mahomoni ndi timadzi toyenda m'magazi touza ziwalo zoyenera kuchita. Awiriwa ndi amene amakonza chiberekero mwezi ndi mwezi, koma estrogen imasamaliranso mafupa, mitsempha ya magazi, khungu ndi njira yoberekera. Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55, koma msambo suzima tsiku limodzi ngati nyali. Kwa zaka zingapo izi zisanachitike, nthawi zambiri mayi akapitirira zaka 40, mazira amakhala atachepa ndipo mahomoni amayamba kukwera ndi kutsika mosalongosoka. Nyengo imeneyi madokotala amaitcha perimenopause. Msambo umabwera msanga mwezi uno, mwezi wamawa n'kuchedwa, kapena kudumpha miyezi iwiri kenako n'kubwera wambiri.

Kusinthasintha kwa mahomoniku ndi kumene kumachititsa kuti mayi amve kutentha kochokera pachifuwa kukwera kumaso kwa mphindi zochepa, ngakhale mu June anthu ena onse atafunda. Ena amadzuka usiku chitenje chitanyowa ndi thukuta, tulo n'kuthawa, m'mawa n'kumapsa mtima pa zinthu zazing'ono. Ena amaiwalaiwala, ena mtima umagunda, ena mfundo zimaphwanya. Mayi wina anandiuza kuti anafika kuchigayo ataiwala ndalama katatu mwezi umodzi, ndipo analira poganiza kuti mutu wayamba kusokonekera, chonsecho anali atatha milungu yambiri osagona tulo tokwanira. Abambo, apa ndikudzudzuleniko pang'ono. Mukaona akazi anu asintha chonchi, ena mwa inu mumathamangira kunena kuti ayamba mwano, ena mpaka kutchula ufiti. Munthu amene mwalera naye ana mpaka kukula ayenera kufunsidwa mofatsa ndi kuperekezedwa kuchipatala.

Komabe si zonse zimene tiyenera kukankhira ku mahomoni. Thukuta la usiku likabwera pamodzi ndi chifuwa ndi kuonda, chikhoza kukhala chifuwa chachikulu, ndipo kutentha thupi kophatikiza ndi kunjenjemera kukhoza kukhala malungo. Chimodzimodzinso magazi otuluka patatha chaka osasamba, amenewo si msambo ndipo ayenera kuonedwa kuchipatala.

(Agogo ena anakweza dzanja n'kufunsa ngati zili zoona kuti mayi amene wasiya kusamba akagona ndi mwamuna mimba imatupa, popeza palibenso magazi otsuka m'kati.)

Zikomo agogo, mwafunsa zimene ambiri akhala akuzisunga mumtima. Mawu amenewa ndawamva m'midzi yambiri, ndipo makolo amene ankawanena ankafuna kuteteza ana awo, koma thupi siligwira ntchito choncho. Msambo si wotsuka mbewu ya abambo. Magazi a msambo amachokera ku kansalu ka m'kati mwa chiberekero kamene kamakula mwezi uliwonse podikira mimba, ndipo mimba ikapanda kubwera kamayoyoka n'kutuluka. Mbewu ya abambo siunjikana m'mimba, mayi kaya akusamba kaya anasiya. Choona n'chakuti estrogen ikachepa, njira yoberekera imauma ndipo khungu lake limapyapyala, motero kukhala pamodzi kumayamba kuwawa. Zikatero mayi amayamba kukana, bambo amaganiza kuti sakufunidwanso, banja n'kugwedezeka popanda aliyense kutchula chimene chavuta. Thandizo lilipo: m'mafamase muli mafuta ofewetsa opangidwira zimenezi, ndipo dokotala akhoza kulemba mankhwala opaka a estrogen. Musaikemo zitsamba kapena sopo, chifukwa zimenezo zimasupula khungu lomwe lafewa kale. Ndipo agogo, mimba ikatupadi mwa mayi wamkulu, chifukwa chake chimakhala china, mwina chotupa cha m'chiberekero kapena cha m'timatumba ta mazira tija, ndipo mayiyo ayenera kukapimidwa. Magazi otuluka mutakhala pamodzi ndi abambo nawonso ndi ofunika kukawanena kwa anamwino msanga, popanda manyazi.

Ndikubwereza za khansayi chifukwa dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kwambiri padziko lonse, ndipo bungwe la World Health Organization limanena kuti mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi kuposa amene alibe. Kuyezetsa kuja kopaka viniga pakhomo la chiberekero kumatenga mphindi zochepa, ndipo zilonda zikapezeka zisanasanduke khansa zimachizika. Ambiri a inu munasiya kuyezetsa mutangosiya kupita kusikelo ndi ana, ngati kuti chiberekero chimafunika pobereka pokha. Zimenezo zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Ndaona kuti dzuwa latentha ndipo ena ayamba kuyang'ana njira ya kumjigo, choncho zotsalazi ndinena mwachangu. Msambo ukamadumphadumpha mukhozabe kutenga mimba, motero musasiye kulera nokha: amene wasiya kusamba asanakwane zaka 50 apitirize kwa zaka 2, wopitirira zaka 50 apitirize kwa chaka chimodzi, ndipo amene muli pa jakisoni wolera funsani anamwino, chifukwa jakisoniyo payekha amaimitsa msambo. Amene wasiya kusamba asanakwane zaka 40 akaonane ndi dokotala. Mafupa amayamba kufooka estrogen ikachepa, choncho idyani usipa ndi matemba pamodzi ndi minga yake, bonongwe, mpiru, soya ndi mkaka pamene wapezeka, ndipo musasiye kuyenda ndi kugwira ntchito. Chepetsani mchere, fodya ndi mowa, ndipo muziyezetsa BP ndi shuga. Lembani masiku a msambo m'buku lanu la kuchipatala. Msambo ukachuluka mpaka kumva chizungulire, kapena kutentha kuja kukakulepheretsani kugona, kafotokozeni, popeza mankhwala a mahomoni alipo ngakhale kuti sayenera aliyense. Ndipo magazi obwera patatha chaka osasamba, sabata yomweyo kuchipatala.

Amene akufuna kundifunsa payekha andipeza pansi pa mtengo wa mango uwo a mfumu akatseka msonkhano. Zikomo.