Kukwera Ndege ndi Kagalu Kuchokera ku Tete

Takulandirani, abale ndi alongo amene mukutionera kuchokera ku Ulongué, ku Tsangano, ku Furancungo, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete momwemo. Nkhani ya lero ena angaidabwe, popeza kwathu kuno galu timamudziwa ngati mlonda wa pakhomo ndi mnzathu wa ku uzimba. Komabe alipo anthu amene asamutsidwira ntchito ku Maputo, amene atha kontalakiti ku migodi ya malasha, ndi ena amene akutsatira ana awo ku Portugal, ndipo mtima sukuwalola kusiya kagalu kamene akhala nako zaka zambiri. Kwa anthu otere, kukwera nako ndege n'kotheka, koma ulendowo umayamba miyezi ingapo tsiku lonyamuka lisanafike.

Tiyambe ndi sikelo. Makampani ambiri amene amalola ziweto kukhala pamodzi ndi anthu m'ndege amaika malire a makilogalamu 8, ndipo kulemera kumeneku n'kwa galu pamodzi ndi chikwama chake. Kampani ya TAP Air Portugal, imene imauluka pakati pa Maputo ndi Lisboa, imatsatira malire amenewa, chimodzimodzinso Lufthansa, KLM ndi Air France. Galu wathu wa kumudzi akakula amapitirira pamenepo, choncho malo ake amakhala kunsi kwa ndege, m'chipinda cha katundu, m'bokosi lolimba. Zimene tikufotokoza lerozi n'za tiagalu timene tingakwane pansi pa mpando wa kutsogolo kwanu.

Musanalipire tikiti, imbani foni kapena pitani ku ofesi ya kampani ya ndege, muwauze mtundu wa galu, kulemera kwake ndi miyeso ya chikwama, ndipo mupemphe kuti akulembereni chilolezo. Ndege iliyonse ili ndi chiwerengero cha ziweto zimene ingatenge pa ulendo umodzi, ndipo malo akadzaza palibe kuchonderera kumene kungathandize. Ngati ulendo wanu uli wa ndege ziwiri, yoyamba kuchokera ku bwalo la ndege la Chingodzi, kuno ku Tete, kupita ku Maputo, yachiwiri yotuluka m'dziko, chilolezo chikufunika ku mbali zonse ziwiri, chifukwa kampani iliyonse ili ndi malamulo ake, ndiponso ndege zing'onozing'ono zimakhala ndi mpata wochepa pansi pa mpando. Ine ndinaonapo mayi wina pa bwalo lina la ndege atakhala pa sutikesi yake, kagalu kali pamiyendo, misozi ili mbwembwembwe, anzake onse atalowa, chifukwa iye ankaganiza kuti tikiti yake ikukwanira onse awiri. Galu amalipiridwa payekha.

Palinso mayiko amene salola kuti chiweto chilowe chili m'manja mwa mwini wake. South Africa ndi United Kingdom amafuna kuti galu wobwera kuchokera kunja afike atalembetsedwa ngati katundu wa kago, kupatula agalu otsogolera anthu osaona, amene ali ndi malamulo awoawo. Choncho ngati mukusamukira ku Johannesburg kapena ku London, ngakhale kagalu kanu katachepa ngati mwana wa mphaka, konzekerani njira ya kago. Anzathu a ku Angónia amene amaona kuti ku Lilongwe n'kufupi, akumbukirenso kuti podutsa pa Calómuè kulowa ku Dedza, galu akhala walowa kale dziko lina, ndipo chilolezo cha a zaziweto a ku Malawi chikufunika ngakhale ndege isanaoneke.

Tsopano tifike pa nkhani yaikulu, imene imachedwetsa anthu ambiri, ndiyo chiwewe. Matendawa alipo m'dziko mwathu muno, ndipo munthu akayamba kuonetsa zizindikiro zake kupulumuka kumakhala kosowa kwambiri. N'chifukwa chake mayiko amene anathana nawo amakhwimitsa malamulo, ndipo ine sindiwaimba mlandu, pakuti aliyense amene anaonapo mwana atalumidwa ndi galu wachiwewe amamvetsa. Tiyeni titenge chitsanzo cha munthu wopita ku Portugal kapena dziko lina la mu European Union. Choyamba, dokotala wa ziweto amabaya galu kachipangizo kotchedwa microchip, kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamene kamakhala pansi pa khungu ndipo kali ndi nambala ya manambala 15. Katemera wa chiwewe amabwera pambuyo pake, galu atakwanitsa milungu 12. Mukayamba ndi katemera kenako microchip, katemerayo sawerengedwa, ndipo mudzabwereza. Pakatha masiku osachepera 30, dokotala amatenga magazi n'kuwatumiza ku labotale yovomerezeka, monga ya ku Onderstepoort kufupi ndi Pretoria, kuti akaone ngati katemera wagwira ntchito m'thupi. Zotsatira, zimene zimaonetsa kuchuluka kwa chitetezo m'magazi pa muyeso wotchedwa IU, ziyenera kufika pa 0.5 IU pa mililita imodzi kapena kuposa. Zikatero mudikirabe miyezi itatu kuchokera tsiku limene magazi anatengedwa. Mukaphatikiza zonsezi muona kuti pakufunika miyezi inayi, ndipo kamwana ka galu sikangapite kasanafike pafupifupi miyezi isanu ndi iwiri.

Chikalata chomaliza, chotsimikizira kuti galu ali bwino, chimasainidwa ndi dokotala wa boma, ndipo chili ndi masiku 10 okha kuti mukachionetse polowa ku Ulaya. Musachitenge msanga. Ngati muli kumaboma, poyambira ndi ku ofesi ya SDAE, yoona za ulimi ndi chuma m'boma, kumene kumapezeka alangizi a ziweto, ndipo kabuku ka katemera mukasunge pamodzi ndi pasipoti yanu, osati m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege. Ngakhale ulendo utakhala wa ku Maputo kapena ku Beira kokha, kabukuka mukanyamule.

Taonani chikwama chimene ndagwirachi. N'chofewa, kuti chithe kupindika pang'ono polowa pansi pa mpando, chili ndi maukonde m'mbali olowetsa mpweya, pansi pake sipadutsa madzi, ndipo zipi yake ndi yolimba. Galu ayenera kutha kuimirira, kutembenuka ndi kugona momasuka m'kati mwake. Chinthu chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musamuonetse chikwamachi koyamba pa tsiku la ulendo. Chiikeni pabalaza milungu itatu kapena inayi ulendo usanafike, chili chotsegula, muyalemo chitenje chimene mwavalapo kuti chikhale ndi fungo lanu, ndipo muziponyamo kachidutswa ka nyama. Masiku oyamba adzangonunkhiza n'kuchoka. Kenako adzalowetsa mutu, ndipo tsiku lina mudzamupeza atagonamo yekha masana. Pamenepo yambani kutseka zipi kwa mphindi zochepa, muzionjezera pang'onopang'ono mpaka ola limodzi kapena awiri, kenako mukwere naye galimoto kuti azolowere kugwedezeka ndi phokoso. Galu amene akuona chikwama ngati chogona chake sauwa m'ndege, ndipo apaulendo anzanu mwina sadziwa n'komwe kuti alipo.

Ena amaganiza zom'patsa mankhwala ogonetsa. Madokotala a ziweto ambiri amaletsa zimenezi, chifukwa mpweya wa m'ndege umakhala wopepuka ngati wa pamwamba pa phiri la mamita pafupifupi 2,000, ndipo mankhwalawo amatsitsa kuthamanga kwa magazi ndi kufooketsa kapumidwe. Vutoli limakula kwa agalu a mphuno zophwatalala, monga pug, shih tzu ndi French bulldog, amene kale amapuma movutikira. Mankhwala a anthu ndiye musayerekeze n'komwe. Ngati galu wanu ndi wamantha kwambiri, kambiranani ndi dokotala wake nthawi ikadalipo.

Pa tsiku la ulendo, mdani wamkulu kuno ku Tete ndi kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa ndi wefuwefu wa lilime. Galu wozolowera kuzizira kwa ku Tsangano amavutika kwambiri akatsikira m'chigwa cha Zambezi. Ngati mukuchokera kutali, nyamukani mbandakucha kapena mugone mumzinda, ndipo mu chapa musalole kuti chikwamacho chiikidwe kumbuyo pamodzi ndi matumba a mbatata. Ochokera pakati pa mzinda awerengere nthawi yowoloka mlatho wa Samora Machel. Galu adye pang'ono maola anayi kapena asanu ulendo usanayambe, madzi mum'patse pang'onopang'ono, ndipo musanalowe m'nyumba ya pa bwalo muyende naye pamthunzi kuti adzithandize. Ikani dzanja lanu pa phula, ndipo ngati likukuotchani, dziwani kuti mapazi ake akupsanso.

Pofufuza katundu adzakuuzani kuti mumutulutse, chikwama chidutse m'makina, inu mudutse pakhomo lofufuzira mutamunyamula. Apa ndi pamene agalu amathawa, choncho akhale ali ndi chingwe, ndipo mumugwire ndi manja awiri. M'ndege simudzaloledwa kukhala pa mzere wa khomo lotulukira pangozi, ndipo galu amakhala m'chikwama, pansi pa mpando, ulendo wonse. Akayamba kulira pamene ndege ikunyamuka, musatsegule zipi yonse. Tsamirani pansi, ikani zala pa ukonde kuti azinunkhize, mum'lankhule motsitsa mawu monga mumachitira kunyumba. Ngati woyandikana naye mpando akuopa agalu kapena amayetsemula ndi ubweya wawo, uzani ogwira ntchito m'ndege mwaulemu kuti aone ngati angasinthe malo.

Mukatera kunja kwa dziko, musatuluke ndi gulu la opanda chowonetsa. Pitani kwa a kasitomu ndi a zaziweto, amene adzayeza microchip ndi kachipangizo kawo n'kufananiza nambalayo ndi ya m'zikalata. Mukamaliza, funani kapinga kapena dothi panja pa bwalo, mumutulutse ali pa chingwe, mum'patse madzi m'kambale kake, ndipo chakudya chidikire mpaka mutafika kunyumba.