Makalata a Omvera: Mafilimu Akale a Ofufuza Milandu

Kalata yoyamba lero yachokera kwa bambo wina wa ku Kasungu. Akuti: "Mwana wanga amene ali ku Birmingham ananditumizira ma DVD a mafilimu akale a ofufuza milandu. Ndinaika The Maltese Falcon, koma ikungoonetsa zakuda ndi zoyera. Chimbale ndachipukuta kangapo ndi nsalu, TV ndinapita nayo kwa wokonza. Kodi mwanayu anamugulitsa chowonongeka?"

Bambo, chimbalecho chisiyeni, mungachikande ulele. Filimuyo inatuluka mu 1941 ndipo inajambulidwa choncho, yopanda mitundu. Amene mukumuona wavala chipewa uja ndi Humphrey Bogart, akusewera ngati Sam Spade, wofufuza milandu wodzilemba yekha ntchito ku San Francisco, ndipo anthu onse omuzungulira akunamizana chifukwa cha kachiboliboli ka mbalame. Mukanati makina akukana kuwerenga chimbale, ndikanakayikira nambala ya dera: zimbale za ku Britain ndi za Region 2, pomwe kuno tili mu Region 5. Koma chanucho chikusewera, ndiye palibe chovuta. Muonere usiku, nyale itazima. Mithunzi ija pakhoma ndi utsi wa fodya, opanga filimuyo anachita kuzikonza dala. Za ndalama zimene munapatsa wokonza TV, pepani, zimenezo zapita.

Yachiwiri ndi ya mayi wa ku Ndirande. Akuti: "Amuna anga sachoka pa Columbo. Ine zimandinyansa, chifukwa wakupha amamuonetseratu poyamba. Nanga tikudikira chiyani?"

Mayi, apa ndikhala mbali ya amuna anu. Zoona, m'magawo ambiri a sewero la pa TV limeneli timaona chiwembu chonse wapolisi asanafike n'komwe. Ndiye tiyang'ane amene wafikayo. Peter Falk, amene anayamba kusewera ngati wapolisi Columbo mu 1968, amatsika m'galimoto yokalamba ya Peugeot 403, jekete lamvula lili khwinyikhwinyi, ndudu kukamwa, akupapasa m'matumba kufuna pensulo. Opha anthuwo nthawi zambiri ndi mabwana a ku Los Angeles, a nyumba zikuluzikulu, ndipo akamuona amangoti uyu ndi wopepera. Iye amawalola aganize choncho. Amakamba za akazi ake, amene sitiwaona n'kamodzi komwe, amatsanzika bwinobwino, bwana uja n'kupuma kuti wapulumuka. Atafika pakhomo, n'kutembenuka, kudzikanda kumutu, kuti waiwala kafunso kamodzi. Pamenepo musayang'ane wapolisi, mayi, yang'anani nkhope ya bwanayo. Inu mukudziwa zimene anachita, iye akudziwa, ndipo tsopano wayamba kuona kuti wopepera uja akudziwanso.

Yesani gawo limodzi motero, mudzatilembere. Amuna anuwo muwauze asamafotokoze zakutsogolo, chifukwa ndikukayikira kuti vuto lina lagona pamenepo.