Uthenga wa mawu: kamwedwe ka makapisozi a achimwene a matenda a Gaucher

Amayi, alamu, moni nonse kunyumbako. Uthengawu ndi wautaliko, ndiye muumvere mutakhala pansi, ndipo musaufufute chifukwa ndikufuna achimwene nawonso aumve. Nkhani yake ndi makapisozi aja awapatsa kuchipatala, a eliglustat, omwe pabokosi pake palembedwa Cerdelga.

Choyamba mudziwe chimene mankhwalawa amachita. Matenda a Gaucher amabwera chifukwa thupi limaperewera enzayimu yotchedwa glucocerebrosidase, yomwe ntchito yake ndi kuphwanya mtundu wina wa mafuta m'maselo. Ikaperewera, mafutawo amaunjikana m'kapamba, m'chiwindi ndi m'mafupa. N'chifukwa chake mimba ya achimwene inatupa, magazi anachepa, ndipo akangogundidwa pang'ono khungu limachita mikwingwirima. Si matenda opatsirana, munthu amabadwa nawo atatengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, ndipo amayi musadziimbe mlandu, makolo ambiri sadziwa n'komwe kuti ali ndi kachibadwa kameneka. Tsono makapisoziwa sabwezeretsa enzayimu ija. Amachepetsa kapangidwe ka mafutawo, ngati m'nyumba mopanda wosesa mukachepetsa zinyalala zolowa. Ndiye akasiya kumwa, mafuta ayambiranso kuunjikana. Ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku, ngakhale atapeza bwino.

Kapisozi mmodzi ndi 84 mg. Achimwene awalembera kawiri patsiku, ndiye asankhe nthawi ziwiri zotalikirana maola 12, mwina 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, aike alamu pafoni. Azimeza wathunthu ndi madzi. Osatsegula, osatafuna, osasungunula m'chakumwa. Atadya kapena asanadye zilibe kanthu.

Mukhoza kumva kuti wina wodwala matenda omwewa amamwa kamodzi patsiku, n'kuyamba kukayikira. Sikuti dokotala analakwitsa. Mankhwalawa amachotsedwa m'thupi ndi chiwindi, makamaka kudzera m'enzayimu ina yotchedwa CYP2D6, ndipo anthu timabadwa mosiyana. Ena chiwindi chawo chimawachotsa pang'onopang'ono, amenewo amamwa kamodzi. Ena chimachotsa mofulumira kwambiri moti mankhwalawa sawagwira, ndiye sawapatsa n'komwe. Magazi aja anawayeza asanayambe anali a zimenezi. Pepala la zotsatira zake mulisunge bwino, mulijambulenso pafoni.

Tsopano pano mumvetsetse, alamu, chifukwa ndi pamene anthu amavulalira. Kapisozi payekha, pa mlingo wake, savuta kwenikweni. Vuto limabwera munthu akawonjezerapo mankhwala ena amene amatsekereza chiwindi kuchotsa eliglustat. Akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo munthu akhoza kukomoka.

Njira zochotsera zilipo ziwiri: CYP2D6 ija, ndi ina yothandizira yotchedwa CYP3A. Yoyamba imatsekedwa ndi mankhwala a matenda okhumudwa, paroxetine ndi fluoxetine, komanso mapiritsi a terbinafine omwe amaperekedwa pa chipere ndi mafangasi a m'zikhadabo. Yachiwiri imatsekedwa ndi clarithromycin, erythromycin, fluconazole, ketoconazole, itraconazole, ndi ma ARV okhala ndi ritonavir. Njira imodzi ikatsekedwa, dokotala akhoza kutsitsa mlingo kukhala kamodzi patsiku, koma ameneyo ndi dokotala, si ife. Zonse ziwiri zikatsekedwa pamodzi, eliglustat saloledwa n'komwe.

Taonani mmene zimachitikira mosavuta. Achimwene atuluka chipere, wina n'kuwapatsa terbinafine woti amwe milungu ingapo. Pakati pa milunguyo agwidwa ndi chifuwa, apita kwina, awapatsa erythromycin. Aliyense mwa awiriwa wapereka mankhwala oyenera pa nthenda imene waona, koma palibe amene akudziwa za makapisozi a m'mawa ndi madzulo aja. Basi njira zonse ziwiri zatsekeka. Matenda a Gaucher ndi osowa kwambiri, madokotala ambiri sanawaonepo pantchito yawo yonse, ndiye musayembekeze kuti afunsa okha. Kulikonse kumene achimwene apite, kaya n'kozulitsa dzino, kaya ku famase, atulutse bokosi, anene kuti, "Ndimamwa awa, taonani kaye ngati akugwirizana ndi amene mukundipatsawo." Musachite manyazi ngakhale mzere utalike. Mankhwala a malungo a artemether-lumefantrine nawonso afunse asanamwe, chifukwa amakhudza CYP2D6 komanso kagundidwe ka mtima. Koma malungo sadikira, ndiye funsolo alifunse pomwepo, osachedwetsa chithandizo.

Palinso gulu lina lochita mosemphana, lofulumizitsa chiwindi mpaka eliglustat kutha mphamvu. Amenewa ndi rifampicin wa chifuwa chachikulu, mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbital, ndi chitsamba chotchedwa St John's wort. Apa munthu samva chilichonse, amangomwa mokhulupirika pamene matenda akubwerera mwakachetechete. Ngati atapezeka ndi TB, asakane mankhwala ake. Dokotala wa TB ndi dokotala wa Gaucher akambirane, poti pali chithandizo china cha Gaucher cholandira enzayimu yoperewera ija kudzera m'drip milungu iwiri iliyonse. Za mankhwala azitsamba ndi timabotolo tolimbitsa thupi, ine ndikuti azisiye, chifukwa palibe angakuuzeni zomwe zili m'katimo.

Pa zakudya choletsedwa ndi manyumwa ndi juwisi wake, chifukwa amatseka CYP3A, ndipo mphamvu yake imakhalabe mpaka tsiku lotsatira, ndiye kutalikitsa nthawi sikuthandiza. Majuwisi osakaniza zipatso muziwerenga pabotolo.

Akaiwala kumwa, adikire nthawi yotsatira n'kumwa mmodzi monga mwa masiku onse. Asamwe awiri pofuna kubwezera, kuphonya kamodzi n'kochepa poyerekeza ndi kuchulukitsa. Kuti musamakangane zoti wamwedwa kapena ayi, muzilemba tsiku pafupi ndi malo amene mwachotsa kapisozi pakapepala kake kaja.

Masiku oyamba akhoza kumva kutentha pamtima, mseru, mutu, kutopa kapena kutsegula m'mimba. Zimenezi asasiyire mankhwala, angokanena akapita kukaonana ndi dokotala. Koma akamva mtima ukuthamanga kapena kudumphadumpha, chizungulire chofuna kugwa, kapena akakomoka, musadikire kuti kuche. Pitani nawo kuchipatala nthawi yomweyo mutanyamula bokosi la Cerdelga ndi mankhwala ena onse amene amwa sabata imeneyo, ndipo mupemphe kuti awayeze mtima pa ECG. Chimodzimodzinso akamwa opitirira mwangozi, kapena mwana akameza, ngakhale akuoneka bwinobwino. Ngati dokotala wina atadzawapeza ndi vuto la mtima, chiwindi kapena impso, dokotala wa Gaucher adziwe msanga. Mankhwala a mtima monga amiodarone, sotalol ndi quinidine sayendera limodzi ndi makapisoziwa, ndipo digoxin ndi metoprolol amachuluka m'magazi moti mlingo wake umafunika kuunikidwanso.

Kasungidwe sikovuta. Safuna filiji. Akhale m'bokosi lawo, pouma, kutali ndi dzuwa, pamwamba poti ana sangafike. Muziwerenga otsala, ndipo mukaona kuti atsala a milungu itatu muyambe kuitanitsa ena, chifukwa mankhwala a matenda osowa sasungidwa paliponse ndipo amachedwa kufika.

Amayi, musayembekeze kusintha pa sabata ziwiri. Kapamba amaphwa pang'onopang'ono, pamatenga miyezi, ndipo mafupa amachedwa kuposa pamenepo. Chotidziwitsa kuti mankhwala akugwira ndi zoyeza zija: kuchuluka kwa magazi, ma platelet othandiza magazi kuundana, ndi kukula kwa kapamba ndi chiwindi. Choncho tsiku la kuchipatala asaliphonye. Alamu, lero lomwe mutenge mankhwala onse amene achimwene akumwa panopa, ngakhale a mutu, muwajambule mayina akuoneka bwino, munditumizire, ndipo zithunzi zomwezo mukamuonetse dokotala wawo.